Ndani Ali ndi Makiyi a Seva ya Kukiliniki?

A wapampando, akuluakulu oyang'anira zipatala ndi makiliniki, masisita athu, ma data clerk, ndi inu achinyamata a IT amene mwachokera ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi ku George. Ndithokoze mwapadera inu a zachipatala amene mwalolera kukhala pansi kumvera nkhani ya makompyuta. Ndikudziwa kuti ena mwabwera chifukwa chotumidwa, koma musagone, chifukwa pothera pa nkhaniyi pali kalata, ndipo wosayina kalatayo ndinu.

Nkhani yanga ikuchokera pa pempho limodzi lomwe aliyense wogwira ntchito ndi database analimvapo. Lipoti la mwezi latuluka ndi manambala osagwirizana, kapena sikirini yolembetsera odwala ikukana kusunga. Mwaimbira foni wolemba mapulogalamu, yemwe ali ku ofesi ya bungwe lina kutauni, pa netiweki ya kwawo. Iye wamvetsera pang'ono, kenako akuti: "Vuto lili mu stored procedure. Ndipatseni admin kanthawi kochepa, ndidibage." Kudibaga komwe akunenako ndi kuyendetsa khodi mzere umodziumodzi, kuiimitsa pomwe ukufuna, ndi kusuzumira zomwe yanyamula panthawiyo. Ndi ntchito yabwino, ndipo wopemphayo kawirikawiri si wakuba. Koma chimene wapemphacho ndi chachikulu kuposa mmene iyeyo akuganizira.

Ndikamba kwambiri za Microsoft SQL Server. Chifukwa chake nchakuti SmartCare, pulogalamu ya Unduna wa Zaumoyo yosungira mbiri ya odwala, yomwe inapangidwa ndi thandizo la CDC ya ku America, mtundu wake wakale unamangidwa pa SQL Server, ndipo ambiri a inu munaphunzira database pa iyo. Masiku ano kwabwera SmartCare Pro yomwe imalowedwa kudzera pa intaneti, koma SQL Server sinathe mu Lusaka muno, ndipo malamulo omwe ndinene amagwiranso kwina.

Ndili ndi mfundo zisanu. Yoyamba, chomwe debugger imafuna. Yachiwiri, chifukwa chake imakana mukakhala m'ma domain osiyana. Yachitatu, njira zachidule zomwe anthu amadutsa. Yachinayi, chomwe mungapereke m'malo mwa admin. Yachisanu, lamulo ndi kalata.

Mfundo yoyamba: chilolezo chodibaga ndi chilolezo cha seva yonse.

Mu SQL Server maudindo ali m'magulu. Wina amaloledwa kuwerenga kokha, wina kulemba, wina amakhala db_owner, mwini wa database imodzi. Pamwamba pa onsewa pali sysadmin. Microsoft inalemba poyera kuti debugger ya Transact-SQL siyamba pokhapokha akaunti ziwiri zikhale sysadmin: akaunti ya Windows yomwe mwatsegulira Management Studio kapena Visual Studio, ndi login yomwe mwalumikizira nayo ku seva. Zonse ziwiri. Db_owner sikwanira. Achikulire anzanga akumbukira kuti mu SQL Server 2000 tinkangopereka chilolezo pa procedure imodzi yotchedwa sp_sdidebug, munthu nkudibaga. Kuyambira SQL Server 2005 khomo limenelo linatsekedwa. Masiku ano mudzaona uthenga wodandaula za sp_enable_sql_debug, ndipo wina adzakuuzani kuti mungopereka EXECUTE pa iyo. Musataye nthawi, yankho lake ndi lomwe lija, sysadmin.

Tsono sysadmin amatha chiyani? Amawerenga database iliyonse pa seva imeneyo, osati yokhayo yomwe ili ndi vuto. Mukalemba DENY pa tebulo la zotsatira za magazi, DENY imeneyo sigwira pa iye, chifukwa seva sifunsanso mafunso kwa sysadmin. Amatha kudzipangira login ina yoti adzalowere mawa mutamuchotsa. Amatha kuzimitsa audit, kaundula wolemba zochita za aliyense. Amatha kupanga backup ya database yonse nkuikopera pa flashi. Amathanso kuyatsa xp_cmdshell, ndipo akatero akulamula Windows yeniyeniyo m'dzina la akaunti yomwe imayendetsa SQL Server.

Masisita, tiuzeni zomwe zili mu database ya kukiliniki. Makiliniki a boma mu Lusaka anayamba kupereka ma ARV mu 2004, kotero tikunena za mbiri ya zaka zoposa 20. Muli mayina, nambala za NRC, nambala za foni, viral load, mimba za atsikana omwe makolo awo sadziwa, TB, matenda opatsirana pogonana. Ndipo ife a m'komboni timadziwana. Wogulitsa tomato pa msika wa Mtendere ndi mlamu wake wa kondakitala wa basi, kondakitalayo amapemphera mpingo umodzi ndi azakhali anu. Dzina limodzi likatuluka, pofika madzulo lazungulira komboni yonse, ndipo madzi akatayika saoleka. Mu Januwale 2019 boma la Singapore linalengeza kuti mayina a anthu 14,200 omwe ali ndi HIV aikidwa pa intaneti. Sikuti akatswiri othyola makompyuta ndiwo anachita zimenezo. Deta inatuluka kudzera mwa dokotala yemwe anali ndi chilolezo choigwira, nkufika m'manja mwa bwenzi lake.

Pali vuto linanso lomwe silikhudza kuba. Stored procedure ikakhala pakati pa transaction imagwira ma lock pa mizere yomwe ikusintha. Wodibaga akaiimitsa pa breakpoint kuti aganize, kapena foni yake ikalira, ma lock aja amakhalabe. Ku registry sikirini yauma, ku pharmacy yauma, pamzere pali amayi omwe anafika kusanache ndi ana kumbuyo, ndipo palibe akudziwa kuti chaimitsa chipatala ndi mnyamata amene akumwa tiyi ku Longacres. Ngati khodiyo ndi ya mtundu wa SQL CLR zimaposa apa, chifukwa pa breakpoint ma thread onse a CLR pa seva yonse amaima. Nchifukwa chake Microsoft yomwe imalangiza kuti muzidibaga pa seva yoyeserera. Mu 2019, potulutsa Management Studio 18, debugger anaichotsamo, inatsala mu Visual Studio. Ambiri anadandaula. Ine sindinalire nawo, chifukwa batani limenelo linali pafupi kwambiri ndi zala za anthu olumikizidwa ku seva ya odwala.

Ndibwereze kuti zikhazikike: chilolezo chodibaga ndi chilolezo cha seva yonse.

Mfundo yachiwiri: njira yodibagira ndi yopita ndi kubwerera. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe anyamata ambiri amathera tsiku lonse akutukwana kompyuta.

Mukangolumikiza ku SQL Server kuti muyendetse query, ulendo umakhala umodzi. Laputopu yanu imagogoda pa port 1433 ya seva, seva imatsegula, basi. Kudibaga sikutero. Mukayamba, seva nayo iyenera kutembenuka nkugogoda pa laputopu yanu kudzera mu RPC, kuti ikuuzeni kuti yafika pa breakpoint. Ndipo pogogodapo imabwera m'dzina lake, dzina la akaunti yomwe imayendetsa service ya SQL Server. Choncho mafunso ndi awiri. Kodi seva ikukudziwani inu? Nanga laputopu yanu ikuidziwa seva?

Taganizirani mapuloti awiri oyandikana ku Chawama, aliyense ndi mzere wake wa zipinda za lendi ndi landilodi wake. Landilodi amadziwa alendi ake onse, ndipo munthu akafika pageti usiku ndiye amanena kuti uyu ndi wa pano, mtsegulireni. Domain ndi puloti yoteroyo, ndipo domain controller ndiye landilodi wosunga mayina onse mu Active Directory. Mlendi wa puloti ina akabwera nkunena kuti "kwathu amandidziwa", landilodi wa pano alibe nazo ntchito, pokhapokha malandilodi awiriwo atagwirizana kale kuti wina akavomereza munthu, mnzake amulandira. Mgwirizano umenewo ndiwo trust. Ndipo sysadmin, mu fanizo lomweli, ndi munthu amene wapatsidwa mpukutu wonse wa makiyi a landilodi, wa chipinda chilichonse, pomwe anabwera kudzakonza loko imodzi.

Trust ili ndi kolowera. Tiyerekeze kuti seva ili mu domain ya chipatala ndipo wolemba mapulogalamu ali mu domain ya bungwe lothandiza. Ngati domain ya chipatala ikukhulupirira domain ya bungwelo, iye atha kulowa ku seva ndi akaunti yake ya Windows. Ulendo wopita watheka. Koma seva ikatembenuka kuti igogode pa laputopu yake, ikubwera ndi akaunti ya domain ya chipatala, ndipo domain ya bungwe ija siikhulupirira. Ulendo wobwerera wakanika. Ndiye mumaona chodabwitsa chija: query ikuyenda bwinobwino, koma debugger ikukana. Kuti zonse zitheke pafunika trust ya mbali zonse ziwiri. Ngati palibe trust iliyonse, seva imakukanani pachiyambi pomwe ndi error 18452, yonena kuti login yachokera ku "untrusted domain".

Onaninso dzina lomwe seva imayendera. Ngati service ikuyenda ndi Network Service kapena akaunti ya NT SERVICE, pa netiweki imaoneka ngati akaunti ya kompyutayo, dzina lake lotsatidwa ndi chizindikiro cha dola. Ngati kompyutayo sili mu domain iliyonse, ili pa workgroup chabe monga zimakhalira m'maofesi ang'onoang'ono ambiri, ndiye kuti ilibe landilodi woiikira umboni kulikonse.

Tikachoka pa mayina tifika pa firewall. Ku seva muyenera kutsegula TCP port 135 ndi kulola sqlservr.exe. Ku laputopu muyeneranso kutsegula port 135 ndi kulola ssms.exe kapena devenv.exe. Ngati netiweki ikugwiritsa ntchito IPsec, onjezani UDP 500 ndi UDP 4500. Ndipo port 135 ndi pofunsira njira chabe. Zokambirana zenizeni zimasamukira pa port ina yosankhidwa panthawiyo, pakati pa 49152 ndi 65535 pa Windows kuyambira Server 2008. Ngati pakati pa mabungwe awiriwo pali firewall ya pamalire, mukupempha mwini wake kuti atsegule ma port oposa 16,000 kumbali zonse ziwiri. Woyang'anira netiweki akakukanani, musamude, akudziwa ntchito yake. Ndipo inu amene mumagwira ntchito pa hotspot ya foni, kaya ndi MTN, Airtel kapena Zamtel, dziwani kuti kawirikawiri mumakhala kuseri kwa NAT. Inu mutha kufikira seva, koma seva ilibe adiresi yokupezerani, pokhapokha mutalowa kudzera mu VPN.

Chotsatira ndi wotchi, ndipo ichi ndi chathu kwambiri kuno. Windows imazindikira anthu mu domain kudzera mu Kerberos, ndipo Kerberos, mwachizolowezi, imakana ngati mawotchi a makompyuta asiyana ndi mphindi zoposa 5. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Kompyuta yakale yomwe kabatire kake kam'kati kanatha, ikazima nthawi yaitali chotero imadzuka ndi tsiku lolakwika. Mudzaona uthenga wakuti "Cannot generate SSPI context", muyamba kusintha mapasiwedi, kuimba mafoni, kuganizira anthu zoipa, pomwe vuto ndi kabatire kogulidwa pa kantemba. Yambani mwayang'ana wotchi. Ikakhala yolondola, yang'anani SPN, dzina lomwe service ya SQL Server inalembetsedwa nalo mu Active Directory, loyamba ndi MSSQLSvc. Likasowa, Windows imagwera ku NTLM, njira yakale yozindikirira anthu. Likalembedwa pa akaunti yolakwika kapena kawiri, kulowa kumakanika.

Chomaliza pa mfundoyi: ngati procedure yanu ikuitana seva ina kudzera mu linked server, mwina mudzaona kuti login yakanidwa kwa "NT AUTHORITY\ANONYMOUS LOGON". Chachitika nchakuti seva yoyamba yakudziwani, koma ilibe ufulu wonyamula dzina lanu kupita nalo ku seva yachiwiri. Ufulu umenewo umatchedwa delegation, ndipo wopereka ndi woyang'anira domain, osati inu. Kuyambira Windows Server 2012 pali mtundu wake wotchedwa resource-based constrained delegation womwe umadutsa malire a domain, ndipo ubwino wake ngwakuti mwini seva yachiwiri ndiye amasankha womulola.

Mauthenga onsewa ndawatchula dala. Anyamata amawatenga ngati matenda a kompyuta, koma ambiri mwa iwo ndi geti lomwe likugwira ntchito yake.

Mfundo yachitatu: njira zachidule. Ndizitchula kuti mukaziona muzizindikire.

Yodziwika kwambiri ndi kupanga akaunti ya dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi pa makompyuta onse awiri, kuti NTLM iwatenge ngati munthu mmodzi. Zimagwira, ndipo malangizo akale a remote debugging ankazitchula. Koma mwapanga akaunti ya mphamvu za admin yomwe domain iliyonse siikuyang'anira. Munthuyo akasiya ntchito, bungwe lake litseka akaunti yake ya domain, koma iyi itsala pa seva ya kukiliniki mpaka kalekale. Ina ndi lamulo la runas /netonly. Ili silobera, limangokulolani kutsegula pulogalamu ndi akaunti ya domain ina, koma limakonza ulendo wopita wokha, ndipo akauntiyo ayenera kukupatsani eni ake. Ina ndi kuzimitsa firewall "kuti tingoyesa", ndipo kaya ndi angati amakumbukira kuiyatsanso. Ina ndi kuyendetsa msvsmon, remote debugger ya Visual Studio, pa No Authentication, zomwe zimalola aliyense wofikira port yake kuyendetsa khodi pa kompyutayo. Ndipo yoipitsitsa, yomwe tonse tinaionapo, ndi pasiwedi ya sa, akaunti ya sysadmin ya SQL Server, kutumizidwa pa gulu la WhatsApp. Anthu khumi akalowa ndi sa, kaundula amalemba dzina limodzi, ndipo tsiku la mlandu simudziwa wofunsa.

Palinso njira ina yooneka yaulemu: kupempha kuti mabungwe awiri akhazikitse trust ya mbali zonse, chifukwa cha procedure imodzi. Ganizirani kawiri. Trust siitha madzulo, imakhala, ndipo kufooka kwa netiweki ya mnzanu kumasanduka kwanu. Mu 2013 sitolo zazikulu za Target ku America zinaberedwa nambala za makhadi a banki pafupifupi 40 miliyoni. Akubawo analowa ndi akaunti yomwe anaba kwa kampani yaing'ono yokonza mafiriji ndi makina oziziritsa, yomwe inali ndi khomo lake lolowera pa netiweki ya Target. Ndipo tisamati izi nza kunja kokha. Mu Meyi 2022 Bank of Zambia inavomereza kuti makina ake ena anasokonezedwa, gulu la Hive litaiukira ndi ransomware. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ngati trust ikufunikadi pa zifukwa zina zazikulu, ikhale ya selective authentication, yoti munthu wa domain ina amafika pa kompyuta yokhayo yomwe wapatsidwa "Allowed to authenticate".

Mfundo yachinayi: mukakana admin, perekani china. Kukana kokha sikukonza lipoti, ndipo a ku district akulidikira. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, timamufuna katswiriyo. Nkhani ndi yakuti ameta pati.

Yankho loyamba ndi kusamutsa vuto, osati kusamutsa munthu. SQL Server Developer Edition yakhala yaulere kuyambira 2016, ndipo ili ndi zonse za Enterprise, bola isagwiritsidwe ntchito ngati seva yeniyeni. Wolemba mapulogalamu aiike pa kompyuta yake. Pamenepo ndi sysadmin wa iye mwini, seva ndi debugger zili pa makina amodzi, palibe domain yodutsa, palibe port yotsegula, palibe sisita wodikira. Mumpatse ma table opanda kanthu ndi ma procedure onse, kenako deta yopeka yofanana ndi yomwe ikubweretsa vuto. Zolakwika zambiri za m'ma procedure zimachokera ku zinthu zazing'ono: tsiku lobadwa losalembedwa, NULL pomwe khodi imayembekezera nambala, wodwala wolembetsedwa kawiri chifukwa anasamuka ku George kupita ku Matero nkutsegula khadi latsopano. Zonsezi mutha kuzipanga ndi mayina abodza.

Ngati vuto likufunadi deta yeniyeni, kopeyo iyeretsedwe isanachoke m'chipindamo. Apa mundimvetsere bwino, ma data clerk. Kufufuta dzina ndi NRC sikukwanira. M'makomboni mwathu nyumba zambiri sizipezeka ndi nambala ya msewu, kotero pa fomu yolondolera wodwala mumalemba kuti kuseri kwa tchalitchi chakuti, nyumba ya geti lobiriwira, funsani amake a uje. Mawu amenewo amaloza munthu kuposa NRC. Achotsedwe, pamodzi ndi nambala za foni, dzina la womuthandiza kumwa mankhwala, ndi zonse zomwe a clinical officer analemba mwa mawu awoawo.

Yankho lachiwiri ndi zilolezo zoonera popanda kugwira. VIEW DEFINITION imamulola kuwerenga khodi ya procedure. SHOWPLAN imamuonetsa njira yomwe seva ikudutsa poyendetsa query. VIEW SERVER STATE imamuonetsa amene akutsekereza mnzake. Kuyambira SQL Server 2016 pali Query Store, yosunga mbiri ya ma query ndi nthawi yomwe akutenga. Extended Events imajambula zochitika pa seva popanda kuimitsa aliyense, ndipo chilolezo chake ndi ALTER ANY EVENT SESSION. Koma chenjerani, zojambulidwazo zimatha kukhala ndi mawu enieni a query, ndipo m'mawuwo mutha kupezeka dzina la wodwala. Ndi bwino kuti woyang'anira database wa pamalopo ajambule yekha, awerenge, kenako atumize. Zonsezi zimayenda pa ulendo umodzi uja wa port 1433, sizifuna kuti seva igogode kwa munthu.

Kwa inu olemba khodi: procedure yabwino imadzinenera yokha ikalakwa. TRY ndi CATCH zilipo kuyambira 2005. Lembani zolakwika mu tebulo lake, nambala ya error, mzere wake, nthawi yake. Amene amachita izi sapempha debugger kawirikawiri.

Anzathu a Oracle asaseke. Kwa iwo pamafunika DEBUG CONNECT SESSION, ndi DEBUG pa procedure yofufuzidwayo, ndipo kuyambira 12c pamafunikanso ACL yololeza database kuitana kompyuta ya wodibaga, ulendo wobwerera womwe uja. Ku PostgreSQL, komwe DHIS2 ya malipoti athu imakhala, debugger imafuna kuikidwa mu shared_preload_libraries, zomwe zimafuna kuzimitsa ndi kuyatsanso seva.

Mfundo yachisanu: lamulo ndi kalata. Akuluakulu, apa ndi panu.

Data Protection Act, lamulo nambala 3 la 2021, limaika nkhani za thanzi la munthu m'gulu la deta yofunika chitetezo chapadera. Limafuna kuti deta yamtunduwu isungidwe pa seva yomwe ili m'dziko muno. Choncho katswiri wa ku Johannesburg kapena ku Nairobi akati mumtumizire backup pa Google Drive, nkhaniyo yachoka pa IT, yafika pa lamulo. Lamulo lomwelo limati deta ikabedwa kapena kutuluka, wosunga deta adziwitse Data Protection Commissioner pasanathe maola 24. Ndipo malamulo a 2025 omwe analowa m'malo mwa Cyber Security and Cyber Crimes Act ya 2021 akupitiriza kunena kuti kulowa mu kompyuta popanda chilolezo ndi mlandu. Achinyamata, kalata yomwe ndikunenayi imakutetezani inu poyamba. Tsiku lomwe zinthu zidzavute, amene anakuuzani pakamwa kuti "ingolowa, ndakulola" adzaiwala. Safunsa anadya phula.

Ilipo nthawi yomwe njira zonse za mfundo yachinayi zalephera, vuto likuoneka pa seva yeniyeni pokha. Si kawirikawiri, koma zimachitika. Ikafika nthawi imeneyo, musakokere domain ziwiri pamodzi. Mlendo alowe mu domain ya mwini seva. Apatsidwe akaunti ya dzina lake lenileni m'domain imeneyo, alowe kudzera mu VPN kufika pa kompyuta imodzi yokonzedwera ntchitoyi, yomwe ili mu domain yomweyo ndipo ili kale ndi Visual Studio. Mukatero ulendo wopita ndi wobwerera womwe uli mkati mwa mpanda umodzi. Kompyuta imeneyo isalole kukopera mafayilo kupita kunja. Backup ipangidwe ntchito isanayambe, ndipo wina ayese kuibwezeretsa kuti aone ngati ndi yamoyo. Ntchito ichitike kiliniki itatseka mzere, kapena, m'zipatala zosagona ngati za Kanyama, Matero ndi Chawama, pa ola lomwe in-charge wasankha, mafomu a pepala ali pafupi. Woyang'anira database wa pamalopo akhale akuona sikirini kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kalatayo inene dzina la munthu, bungwe lake, seva yake, procedure yofufuzidwa, ola loyambira ndi ola lothera, ndi dzina la amene adzachotse sysadmin olalo likakwana. Dzina lomalizali ndilo limaiwalika nthawi zonse. Akaunti ya mu Active Directory ili ndi malo olembapo tsiku lothera, lembanipo tsiku lomwelo poipanga. Ikatha ntchito, wina afananize mndandanda wa ma login usanayambe ndi utatha, aone ngati xp_cmdshell ili yozimitsa monga inalili, ndiponso ngati audit ikuyendabe. Ndipo fomu ya kalatayi ikonzedwe lero, zinthu zili bata. Nkhanga zinapangana kusanache. Mu Januwale 2024, kolera itavuta mpaka National Heroes Stadium kusanduka chipatala, panalibe munthu wokhala ndi nthawi yokambirana za trust ndi ma port. M'nyengo ngati imeneyo pasiwedi imaperekedwa kwa aliyense woifunsa, pokhapokha njira yoyenera itakhala yokonzeka kale ndiponso yosachedwetsa.

Mukabwerera kuntchito Lolemba, a in-charge itanani wa IT wanu, ayendetse sp_helpsrvrolemember 'sysadmin' inu mukuona. Sizitenga mphindi imodzi. Pa dzina lililonse lomwe lituluke mufunse kuti ndi ndani, akugwirabe ntchito kuno kapena ayi, ndipo anamuika ndani. Mukapezamo BUILTIN\Administrators, dziwani kuti aliyense amene ali admin wa Windows pa kompyutayo alinso sysadmin. Ma SQL Server akale, 2005 ndi am'mbuyo mwake, ankaika gulu limenelo okha, ndipo limatsalira seva ikakwezedwa. Musafufute chilichonse tsiku lomwelo, mwina dzina lina ndi lomwe pulogalamu imalowera nalo, mungaimitse kiliniki. Lembani mndandandawo papepala, mupite nawo kwa oyang'anira IT ku district, muchotse limodzilimodzi mutagwirizana.

A wapampando, nthawi yomwe munandipatsa yatha. Amene muli ndi mafunso kwezani manja, tiyambire kumbuyoko.